Satelaiti imaona mtundu wa madzi basi

Masabata awiri apitawa ndakhala pa asayimenti ya remote sensing, kuyeza ubwino wa madzi a m'nyanja ndi zithunzi za Sentinel-2, satelaiti ya ku Ulaya ija yomwe yoyamba anaiponya mu 2015. Zithunzi zake nzaulere, pikseli imodzi ndi mamita 10 ndipo pamalo amodzi imabwereranso pakatha masiku asanu, chomwe chimapweteka ndi bandulo basi.

Ndinayamba ndi ku Salima pomwe Linthipe amathira m'nyanja ya Malawi. Chithunzi cha nthawi ya dzinja abale, madzi ofiira ngati thobwa akulowa m'kati mwa nyanja ya buluu ija, ndiye ukaganiza kuti limenelo ndi dothi la m'minda ya ku Dedza ndi ku Lilongwe, feteleza yemwe anthu anamuvutikira pamzere akupita nawo limodzi, mtima unandiwawa ndithu.

Koma pomwe ndaphunzira zenizeni ndi pa Chilwa. Ndinawerengetsa NDCI, masamu omwe amafananiza mitundu iwiri ya kuwala yomwe satelaiti imajambula (bandi 4 ndi bandi 5) kuti uone chlorophyll, chomwe chimabiriwitsa ndere ndi zomera, mapu anatuluka ngati nyanja yadzaza ndere. Alekichala atawona anangofunsa kuti kodi Chilwa ndi yakuya bwanji? Nyanja ija ndi yosaya, ilibe mtsinje wotulutsa madzi, mphepo ikangowomba matope apansi amavunduka onse, ndipo matope amenewo pamodzi ndi udzu wa m'mphepete zimasokoneza kuwala komwe satelaiti ikulandira. Iyo imangoona mtundu, zoti ichi ndi ndere ichi ndi matope timachita kumasulira ndife, ndipo popanda munthu kukwera bwato kukamiza Secchi disk, kambale koyezera kuti m'madzimo ukuona mpaka pati, nkutunga madzi opita nawo ku labu, manambala aja sungawakhulupirire.

China chondidandaulitsa ndi mitambo. Januwale ndi Febuluwale, nthawi yomwe mitsinje ikukokolola dothi kwambiri, zithunzi zambiri zimangotuluka zoyera mbee.

Komabe sindikuinyoza ayi. Chilwa inaphwa mu 1995, mu 2018 inatsala pang'ono kutheratu, ndipo pa zithunzi za Landsat, satelaiti ya ku America, umaona madzi akubwerera m'mbuyo mwezi ndi mwezi, zomwe bwato limodzi silingakuonetse, pomwe asodzi a matemba aja zinawapeza osakonzeka.

Gulu lathu tagwirizana kusonkha ya transipoti tipite ku Kachulu, doko la pa Chilwa, mvula ikatha, tikayeze tsiku lomwelo satelaiti ikudutsa.