Dzina lonyoza lomwe lasanduka chonyadira

Madzulo ano mlendo wathu wochokera ku Oklahoma, chigawo cha dziko la America, wadzitchula kuti ndi Sooner uku akudziguguda pachifuwa, ndipo atandifotokozera chiyambi cha dzinalo ndinangoti kukamwa yasa. Pa 22 Epulo 1889 boma la America linalola anthu kuthamangira m'dera lina la chigawocho kukadzigwirira malo nthawi ikangokwana 12 koloko masana, koma ena analowa mozemba usiku n'kubisala m'tchire, moti anzawo pofika anapeza zikhomo zitakhomedwa kale. Ozembawo ndiwo ankatchedwa Sooners, kutanthauza olowa nthawi isanakwane, ndipo linali dzina lonyoza.

Lero matimu a yunivesite ya Oklahoma amalilemba pamalaya awo. Anthu a ku North Carolina, chigawo china cha America, nawonso amanyadira dzina la Tar Heels, lomwe kale linkanyoza amphawi ophika phula la mitengo ya paini lomatira zombo, phula lomwe linkawakakamira kuzidendene. Iwowa ndikuwamvetsa, chifukwa dzina lawo linabadwira m'thukuta la ntchito. La Sooner likundivutabe mumtima, pakuti malo ankalimbiranawo boma linali litawatenga kwa mitundu ya eni nthaka a ku America ya Creek ndi Seminole, yomwe boma lomwelo linaisamutsirako mokakamiza kuyambira m'zaka za m'ma 1830.