Sabata ya mademo awiri

Uthenga woyamba wochokera kulikulu la bungwe lathu Lolemba m'mawa unafunsa zinthu ziwiri zokha: anthu anabwera angati, nanga zithunzi zili kuti. Za bambo amene anagwa pamsewu Loweruka palibe anafunsako, chonsecho lipoti ndinalitumiza usiku womwewo.

Ndimagwira ntchito yokonza zionetsero m'bungwe lina lolimbikitsa mtendere kuno ku Britain, m'tauni ya kutali ndithu ndi London. Sabata yathayi kunali mademo a dziko lonse otsutsa nkhondo ku London, ndipo ine ndinapatsidwa ziwiri: kudzaza mabasi opita kumeneko, komanso kukonza kuguba kwa kuno kwa anthu amene sakanatha ulendowo.

Masiku oyamba panalibe chachilendo. Kalata ya kupolisi ndinali nditapereka kale, poti lamulo la Public Order Act la 1986 limafuna kuti adziwitsidwe kutatsala masiku 6 athunthu. Kenako kukangana nawo za njira, kulemba zikwangwani, kuthamangitsa anthu amene analembetsa mpando m'basi koma osalipira. Amene mumagwira ntchitoyi mukuzidziwa.

Lachinayi madzulo foni inalira. Akulikulu anati mwa osungitsa bata 14 amene ndinawaphunzitsa ndekha, 10 akwere basi. Pakati pawo panali mayi yekhayo amene ali ndi satifiketi ya thandizo loyamba. Chimkuzamawu chachikulu nachonso chipite. Nditadandaula, yankho linali lakuti makamera adzakhala ku London, ndipo zakwathu kuno n'zongoperekeza.

Mawu amenewa amandinyansa. London sindikuinyoza ayi. Pa 15 Febuluwale 2003 anthu anasefukira mpaka ku Hyde Park kukana nkhondo ya ku Iraq. Apolisi anati analipo 750,000, okonza anati anayandikira 2 miliyoni. Koma pa 18 Malichi aphungu anavomereza nkhondoyo ndi mavoti 412 kwa 149, ndipo pa 20 Malichi inayambika. Ovota ndi aphungu, ndipo pafupifupi phungu aliyense ali ndi ofesi m'dera ngati lathuli, momwe amaonana maso ndi maso ndi anthu omusankha. Ngakhale tsiku lalikulu lija si onse anapita ku London: a ku Scotland anaguba ku Glasgow, kumene Tony Blair, nduna yaikulu ya panthawiyo, ankalankhula pamsonkhano wa chipani chake.

Komanso taganizani amene amatsala mabasi akanyamuka m'bandakucha. Ndi okalamba, oyenda pa njinga za olumala, amayi a ana akhanda, ndi omwe aweruka kuntchito ya usiku. Anyamata amphamvu onse amakhala ali m'basi. Ndiye wodziwa thandizo loyamba amafunika kuti kwenikweni?

Loweruka ndinkayembekezera anthu 150. Anabwera pafupifupi 400, kunja kukuzizira koopsa. Tinali asanu ovala majekete owala, ine ndi anayi otsala aja. Awiri ndinawaika kutsogolo, mmodzi pakati, mmodzi kumbuyo, ine n'kumathamanga uku ndi uku ndi kachimkuzamawu kongomveka pafupi.

Titafika pamphambano ya misewu, mzere unaduka pakati, ndipo ndinamva kukuwa kosiyana ndi nyimbo zathu. Bambo wina wachikulire anali pansi, chikwangwani chake chidakali m'manja. Sankapuma bwino. Ndinaimba 999 manja akunjenjemera. Zoti tinali ndi mwayi sindikana: m'gulumo munali namwino amene anabwera ndi ana ake, ndipo anagwada pomwepo n'kuyamba kuwapsinja pachifuwa. Mnyamata wina anathamanga kukatenga makina odzutsira mtima amene anapachikidwa pakhoma la nyumba ina chapafupi.

Chimene chikundisowetsa tulo ndi ambulansi. Ndinkaimva ikulira, ndinkaiona, koma anthu akumbuyo anali atadzaza msewu wonse osadziwa chimene chachitika, akuimbabe. Mtsikana amene ndinamuika kumbuyo, tsiku lake loyamba pantchitoyi, ankakuwa yekha pakati pa anthu oposa 100. Ndinataya kachimkuzamawu kaja n'kuyamba kukoka anthu ndi manja mmodzimmodzi, wapolisi mmodzi akundithandiza. Anzathu 10 aja akanakhalapo, msewu ukanatseguka nthawi yomweyo, chifukwa n'zimene tinayeserera kangapo konse.

Bambowo ali moyo. Mwana wawo anandiimbira Lamulungu kunena kuti atsitsimuka, ndipo akufunsa ngati chikalata cha madandaulo chimene tinkapita nacho kwa phungu chinafika. Chinafika. Otsala tinamaliza ulendo mwakachetechete n'kukachipereka pakhomo la ofesi yake. Apa pokha ndiye ndikunyadira anthu anga: palibe anathawa, palibe anakangana ndi apolisi.

Mabasi anabwerako usiku, anthu akusangalala ndi kuchuluka kwa khamu la ku London. Sindinafune kuwasokonezera, ndinangolandira majekete n'kuwawerenga.

Akulikulu ndawayankha kuti anthu analipo 400. Zithunzi ndazisunga kaye mpaka wina awerenge lipoti langa. Ndalembetsanso anthu 6 a kuno maphunziro a thandizo loyamba ndi ndalama za nthambi yathu, ndipo ndasankha dala amene sakwera basi.