Zikomo kwa olambula njira m'Phiri la Mulanje

Tikuthokoza abambo ndi amayi aganyu amene mwalambula njira zotchinga moto, n'kukonzanso njira zochokera ku Likhubula kukwera ku Chambe ndi Lichenya. Udzu mwaupala ndi makasu mpaka dothi kuonekera, zinyalala n'kuzikokera kutali. Mwachita bwino, chifukwa udzu wongotchetcha ndi chikwakwa ukauma pomwepo, moto wa mu Seputembala umangowoloka n'kupsereza mbande za mkungudza wa Mulanje, mtengo womera mwachilengedwe m'phiri lino lokha.

Pamalo otsetsereka mwakumba tingalande topingasa, n'kutchinga kumunsi kwake ndi miyala yathyathyathya, kuti madzi amvula apatukire kutchire asanakumbe chigwembe pakati pa njira. Miyalayo mwaisenza pamutu, m'chisanu cha Juni, zala zitauma gwa. Ambuye akudalitseni nonse.