Mmene ndimaperekera katemera wa fuluwenza kwa okalamba

Ndimapereka katemerayu nyengo ya chimfine isanafike, chifukwa thupi limafuna masabata awiri kuti chitetezo chikhwime. Wa chaka chatha sitimudalira. Kachilombo ka fuluwenza kamasinthasintha, n'chifukwa chake bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limasankha mitundu yolowa m'katemera kawiri pachaka, mu Febuluwale ndi mu Seputembala. Oyamba kulandira ndi a zaka 65 kupita m'tsogolo, odwala shuga, mtima, impso kapena mphumu, amene ali ndi HIV komanso amayi oyembekezera.

Ndisanagwire singano ndimafunsa kaye: "Agogo, thupi likutentha lero?" Ngati latentha kwambiri, timadikira achire. Kachimfine wamba si chifukwa chowabwezera. Ndimafunsanso ngati katemerayu anawabanikitsapo kapena kuwatupitsa nkhope, ngati anadwalapo matenda ofoola miyendo a Guillain-Barré pasanathe masabata 6 atabayidwa, ndiponso ngati akumwa mankhwala oletsa magazi kuundana monga warfarin.

Katemera amasungidwa mufiriji pa madigiri 2 mpaka 8. Akaundana watha ntchito, ngakhale aoneke bwinobwino. Wa nthawi zonse ndi 0.5 ml, wobaya mumnofu wa pamkono, zala ziwiri kapena zitatu pansi pa fupa la phewa. Apa mpofunika diso, chifukwa singano ikakwera kwambiri imafika pamfundo ya phewa, munthu n'kumalephera kukweza mkono kwa masabata ambiri. Omwa warfarin ndimawadina pabalapo mphindi ziwiri, osatikita.

Chitetezo cha okalamba chimadzuka mwaulesi, motero kumene alipo ndimasankha katemera wamphamvu, wa mamaikulogalamu 60 pa mtundu uliwonse wa kachilombo m'malo mwa 15. Akasowa, ndimabaya wamba tsiku lomwelo. Kuwabweza opanda kanthu ndiye koipa. Wopopera m'mphuno si wawo, ali ndi kachilombo kamoyo.

Ndimawakhazika mphindi 15 asanapite. Mkono ukhoza kuwawa tsiku limodzi kapena awiri, koma jekeseniyo singawadwalitse fuluwenza.

Wobayidwa akhoza kudwalabe, kungoti ngozi ya chibayo ndi kugonekedwa m'chipatala imachepa. Ndiye ndimauza owasamalira kuti asadikire kutentha thupi, pakuti okalamba ena amangosokonekera mutu, kufooka ndi kukana chakudya. Mankhwala olimbana ndi kachilombo ka fuluwenza a oseltamivir, 75 mg kawiri patsiku kwa masiku 5, amathandiza kwambiri munthu akayamba kumwa pasanathe maola 48 chiyambire kudwala. Maantibayotiki sapha kachilomboka. Wodwala akayamba kupuma mobanika kapena kumva kuwawa pachifuwa, athamangire nawo kuchipatala nthawi yomweyo.