Kambalame ka miyendo yachikasu ku Kazuni

Tinanyamuka pa Katoto ku Mzuzu 5 koloko m'mawa, anthu 11 m'minibasi imodzi, ulendo wokaona mbalame ku Vwaza Marsh, malo osungirako nyama zakutchire. Kudutsa Ekwendeni mpaka Rumphi tinayenda bwino, koma msewu wafumbi wolowera ku Kazuni unatigwedeza mpaka fulasiki ya tiyi kutayikira m'chikwama cha mandasi.

Tinasankha Novembala chifukwa mvula isanagwe madzi a nyanja ya Kazuni amaphwera n'kusiya matope m'mbali, ndipo mbalame zothawa chisanu cha ku Ulaya ndi ku Siberia zimakhala zafika. Mvuu zinali phee m'madzi, kashembe akutiluma m'miyendo.

Pamatopepo panali timbalame tingapo totchedwa Little Stint, tochepa ngati mpheta, kutalika masentimita 12 mpaka 14. Timajompha matope mothamanga ngati makina osokera. Mtsikana wina wa Fomu 3, yemwe unali ulendo wake woyamba, ndiye anati, "Aphunzitsi, nanga aka kali kokhaka bwanji kakuyenda mozyolika?"

Mtsogoleri wathu, mphunzitsi wopuma, anayang'ana pa makina oonera patali nthawi yaitali osayankha. Kenako anati, "Mwanawe, usandiuze dzina. Undiuze zimene ukuona."

Apa mpamene panavuta. Nyengo yoswana mbalamezi zimakhala ndi nthenga zofiirira zowala, koma kuno zimafika zitayamba kuvala zotuwa, moti zonse zimangofanana. Komabe Little Stint pamsana imakhala ndi mawanga, nthenga iliyonse yakuda pakati, ndipo pachifuwa ndi poyera pakati, miyendo yakuda bii. Kathu aka pamsana panali potuwa mosalala ngati phulusa lonyowa, kutuwako n'kudutsa pachifuwa ponse ngati kavala mpango. Miyendo inkaoneka yachikasu chobiriwira.

Ine ndinathamangira kunena kuti ndi Common Sandpiper, ndipo ndinachita manyazi. Imeneyo ndi yaikulu, pafupifupi masentimita 20, imagwedeza mchira osapuma, ndipo ili ndi kamzere koyera kokwera paphewa. Aka kanalibe zonsezo.

Bambo wina amene tinali naye anakana za miyendozo, nati matope akauma amapaka mwendo wakuda mtundu wina. Sankanama, ambiri apusitsidwapo choncho. Tinadikira pafupifupi mphindi 40 padzuwa, ena atayamba kale kufunsa za nkhomaliro. Kambalameko kanalowa m'madzi osaya, kanatuluka miyendo itatsukika, ikadali yachikasu.

Kenako kabawi anadutsa pamwamba, mbalame zonse balala. Zinzake zinauluka motsika pagulu, koma iko kanakwera m'mwamba kokha mokhotakhota, kakulira "tirrr" ngati nkhululu. Nthenga za m'mbali mwa mchira zinali zoyera mbee, pomwe za Little Stint zimakhala zotuwa. Aphunzitsi anavula chipewa n'kunena motsitsa, "Temminck's Stint."

Mbalameyi imaswana kumpoto kwa Scandinavia ndi Siberia, ndipo zambiri zimathera ulendo wawo kumpoto kwa equator, n'chifukwa chake kuno kumwera imaoneka mwa apo ndi apo. Zithunzi zathu za pafoni zinatuluka zosaoneka bwino, ndiye aphunzitsi anauza mtsikana uja alembe m'kope zonse zimene anaona, kuyambira mlomo mpaka mchira, tisanakwere minibasi. Analemba masamba awiri, mandasi onyowa aja ali kudzanja lamanzere.