Ine, Excel ndi gogo wa pensulo

Kunyumba kwathu ku South Bend, m'chigawo cha Indiana, kuli lamulo limene mayi a ana anakhazikitsa mu June 2021 ndipo silinafafanizidwe mpaka lero. Patebulo sindiloledwa kutchula mawu atatu: Maddon, Iowa ndi Excel. Ndikangoyamba kuti "Ma...", mwana wanga amaika mbamu pansi n'kuyang'ana kudenga ngati kukudontha.

Baseball ndinaiphunzirira kuntchito. Monga Amalawi ambiri kuno, ndimasamalira okalamba, ndipo mdala wina amene ndinkamuyang'anira sankaphonya masewero a Chicago Cubs. Timu iliyonse imasewera ka 162 pachaka, ndiye ngakhale mutu uli wouma ngati wanga, chinachake chimalowa. Poyamba ndinkangoseka kuona manejala wa timu, bambo wa imvi, atavala yunifomu yofanana ndi anyamata ake, buluku lothina ndi nambala kumsana. Patatha chaka chimodzi ndinali nditayamba kumulangiza manejalayo kudzera pa TV.

Usiku wa pa 2 November 2016 a Cubs anatenga World Series, chikho chachikulu cha baseball, ku Cleveland, koyamba chichokere 1908. Anthu analira m'misewu, ena anapita kumanda kukauza makolo awo. Ine ndinakwiya. Manejala wawo Joe Maddon anamutulutsiranji woponya mpira Kyle Hendricks mu inning (chigawo cha masewero) yachisanu, timu ikutsogola 5-1, mnyamata akuponya bwinobwino? Anamutopetseranji woponya wina Aroldis Chapman pa masewero a dzulo lake, pamene ankatsogola kale 7-2? Si uyo Chapman wotopayo anamenyedwa home run (mpira wouluka mpaka kuseri kwa mpanda) ndi Rajai Davis mu inning yachisanu ndi chitatu, zinthu n'kukhala 6-6? Ikanapanda mvula ija ya mphindi 17 yomwe inawapatsa mpata wopuma, 8-7 ija sikanaoneka. Nkhani imeneyi ndinaikamba kutchalitchi, kumaliro, ku bridal shower komwe ndinangopita kukasiya mipando. Alamu anga ankati, "Alamu, munthu wathetsa chilala cha zaka 108, inu mukufunsa chifukwa chake anatungira madzi ndi dzanja lamanzere."

Ndale nazo sindinazisiye, ngakhale kuti ndili ndi green card chabe, kutanthauza kuti sindivota. Maganizo anga pa mapulaimale a kuno ndi akuti anawakonza munthu wa tulo. Timadera tiwiri ta anthu ochepa, Iowa ndi New Hampshire, n'timene tinkayamba, ndipo pofika mu May, pamene Indiana imavota, nthawi zambiri mphika umakhala utapakulidwa kale. Ku Iowa kuja a Democrat sankaponya n'komwe pepala m'bokosi. Anthu ankasonkhana muholo ya sukulu, aliyense n'kukaima pakona ya munthu amene akumufuna. Gulu lanu likapanda kukwana 15 peresenti, mubalalike mukalowe kwa ena. Zikafanana, ankaponya ndalama yachitsulo m'mwamba. Ndinkawauza anzanga kuntchito kuti zimenezi ife kwathu timazidziwa, timafola kumbuyo kwa phungu pabwalo la mpira, kungoti sitizitcha dzina lokoma.

Ndiye linafika Lolemba la pa 3 February 2020, tsiku limene mutu wanga unakula kuposa chipewa. M'mawa wonse Amalawi a kuno tinali pa foni kumvera oweruza asanu ku Lilongwe akuwerenga chigamulo chothetsa chisankho cha 2019, chija cha Tippex. Madzulo ake kunali Iowa, ndipo South Bend yense anali maso chifukwa Pete Buttigieg, yemwe anali atangotula umeya wa tauni yathu, ankapikisana nawo. Tinadikira. Naini koloko, palibe. Pakati pa usiku, palibe. App imene chipani chinagula kuti itumize zotsatira inakanika, mafoni a ku likulu anadzaza, Buttigieg analengeza kuti wapambana popanda nambala ndi imodzi yomwe, ndipo panatenga masiku kuti zimveke zoti iye ndi Bernie Sanders anasiyana ndi kachidutswa. Mkulu wa chipani ku Iowa anatula pansi udindo.

Ine ndinasangalala ngati ndalandira bonasi. "Ife Tippex, inu app," ndinkatero kwa aliyense. "Mukanandiitana ine ndi Excel yanga, pofika teni koloko anthu akanagona." Excel ndimaikonda, musandiweruze. Bajeti ya kunyumba ili mu Excel. Ndalama za chipereganyu zili mu Excel. Mndandanda wa achibale opempha fizi uli mu Excel, ndi mitundu itatu: obiriwira, achikasu ndi ofiira. Mayi a ana amakonda Google Sheets, ati chifukwa aliyense amatha kuona, ndipo n'chifukwa chomwecho ine sindiifuna.

Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Mu 2021 mwana wanga, ali ndi zaka 10, analowa timu ya ana ya m'dera lathu. Ine ndinkakhala kuseri kwa waya n'kumapereka uphungu waulere. Kochi wake, mzungu wofatsa wokonza mapaipi, anapirira miyezi iwiri. Kenako mkazi wake anayenera kukachira, ndipo anandiimbira kuti, popeza ndimadziwa zambiri chonchija, ndigwirizire timu Loweruka. Panopa ndimakhulupirira kuti ankamwetulira polankhula.

Ndinakonzekera ngati ndikupita ku World Series. Mausiku atatu ndinali pa kompyuta. Ndinaika mwana aliyense mu Excel, kangati wamenya, kangati waphonya, kangati walira. Excel inandichenjeza msanga kuti si mnzanga, pamene ndinalemba 3-2, kusonyeza kuti tawina katatu taluza kawiri, iyo n'kusandutsa 2-Mar. Ndinangoti ndi nthabwala za pachibale. Ndinakonza ndondomeko ya omenya mwasayansi: katswiri wathu wachiwiri, wothamanga woyamba, mwana wanga wachisanu ndi chiwiri kuti asanene kuti ndakondera. Ndinasindikiza pepala lalikulu loti ndikamate pabenchi.

Lachisanu usiku mayi a ana anati, "Bambo ake, tandipatsani mayina a anawo motsatira alifabeti, ndigawe makolo obweretsa zokhwasula." Ntchito ya masekondi awiri. Ndinadina Sort. Ndinawapatsa. Ndinadina Save, chifukwa munthu wanzeru amasunga ntchito yake. M'mawa mwake, m'maso muli manthongo, ndinasindikiza khadi lopereka kwa oyimbira ndi kwa timu inayo, kuchokera mu fayilo yomweyo.

Mu baseball khadi limenelo ndi Baibulo. Zimene mwamata pabenchi n'zanu ndi ana anu. Mwana akamenya pamene si nthawi yake, oyimbira sanena kanthu ngakhale aone. Ndi ntchito ya adani anu kudandaula, ndipo ayenera kutero mpira wotsatira usanaponyedwe. Akadandaula, zonse zimene wamenyayo wachita zimafufutidwa, ndipo amene amafa, kapena kuti out, ndi mwana uja amene inali nthawi yake. Akakhala chete, masewero amangopitirira. Lamuloli ndinkalidziwa. Ndinalifotokozerapo alamu anga m'galimoto kuchokera ku South Bend mpaka ku Chicago.

Kumbali ya timu inayo kunakhala gogo wina pampando wopinda, tsitsi loyera mbee, magalasi pamphuno, buku lolembamo zigoli pamiyendo ndi pensulo yachikasu yotafunidwa kumapeto. Mu inning yoyamba ndinamuona akuyang'ana khadi, n'kuyang'ana mwana wathu, n'kundiyang'ana ine. Anamwetulira. Ine ndinamubayibitsa. Ndinauza alamu anga, amene anabwera kudzachemerera, kuti, "Taonani, alamu, 2021 ino munthu akadali pa pensulo."

Gogo uja anadikira ma inning asanu. Mwana wathu akaphonya, iye chete. Akamenya kampira kopanda phindu, iye chete, pensulo mkamwa. Anali ngati mphaka pa una.

Inning yachisanu ndi chimodzi, yomaliza kwa ana a msinkhu uwu. Tikuluza 5-3. Awiri afa kale, akafa wachitatu masewero atha. Ma base onse atatu, malo oimapo othamanga, ali ndi ana athu. Amene akupita ndi chibonga ndi mwana wanga, amene chaka chonse anali asanaugundepo mpira kupitirira pamene paima woponya. Mayi ake anatseka maso. Mpira woyamba, phonyu. Wachiwiri, phonyu. Wachitatu ndinangomva kuti phaa! Mpira unadutsa pamwamba pa mwana wa kumanja amene panthawiyo ankathamangitsa gulugufe, n'kugubuduzika mpaka kumpanda. Mmodzi analowa, wachiwiri, wachitatu. 6-5. Mwana wanga anaima pa base yachiwiri atakweza manja, chipewa chitagwa, mano onse panja. Mayi ake anaimba nthungululu imene Indiana inali isanamvepo. Ine ndinali nditakwera pabenchi, ndikukuwa Chichewa chokhachokha.

Gogo anadzuka pang'onopang'ono, n'kupinda mpando wake kaye. Ananong'oneza kochi wawo, kochi anapita kwa oyimbira, oyimbira anatulutsa khadi m'thumba la pachifuwa n'kundikodola.

Ndinayang'ana khadilo. Mayina anali ndondondo, A mpaka W, ngati kaundula wa Sitandade 4. Oyimbira anafunsa kuti mwana amene dzina lake linali pamzere woyenera ali kuti. Tonse tinatembenuka. Anali pakona pa benchi, nsapato imodzi atavula, akudya njere za mpendadzuwa. Oyimbira anamuloza n'kukweza chibakera. Wafa. Wachitatu. Masewero atha, 5-3. Mwanayo anafa ali pabenchi, njere mkamwa, ndipo anafunsa mokweza kuti walakwa chiyani.

Apa m'pamene ndikanayenera kukhala chete. Fisi akagwa m'mbuna salankhula. Koma ine ndinathamangira chikwama changa cha kuntchito, mmene mumakhala zolembera, masitepulo ndi kabotolo koyera kofufutira, kamene kuno amati Wite-Out. Sindikudziwa kuti ndinkaganiza chiyani. Ndinabwerera kwa oyimbira kabotolo kali m'manja, ndikufotokoza kuti ndondomeko yeniyeni ndi ya pabenchi, kuti ndi kompyuta yasokoneza, kuti tingokonza pang'ono basi, mayina ndi omwewo, palibe amene waberedwa. Oyimbira ankangoyang'ana kabotoloko osamvetsa.

Amene anamvetsa anali mmodzi yekha pabwalo lonselo. Alamu anga anagwira waya ndi manja awiri, misozi ikutsika, n'kukuwa kuti, "Alamu! Tippex! Mpaka kuno Tippex!" Anakhala pansi paudzu. Foni inali kale m'manja, ndipo tisanafike pagalimoto chithunzi changa chinali pa gulu la WhatsApp la Amalawi a ku Indiana, pofika madzulo chinali kwa achemwali anga ku Area 25.

Gogo uja anandipeza poimika magalimoto. Anandigwira pamkono mwaulemu, anati anaona vutolo pa mwana wachiwiri penipeni, ndipo wakhala akulemba zigoli kuyambira ana ake ali aang'ono. Kenako anandipatsa pensulo yake, yotafunidwa ija, nati ndiisunge, iye ali nazo zambiri.

M'galimoto munali zii. Titafika pamaloboti achiwiri mwana wanga analankhula ali cheyang'ana pawindo.

"Adadi, Maddon uja munkamunena uja, anawina eti?"

"Anawina."

"Ndiye iyeyo khadi lake ankalemba pa chiyani?"

Mayi ake anayatsa wailesi.