Vidiyo ya ukwati pa DVD imodzi

Anzanga ojambula maukwati muno mu Lusaka, tamverani. DVD wamba imanyamula 4.7 GB basi. Mukapanikiza maola 4 a kitchen party pa disiki imodzi, chithunzi chimasweka timabokosi, makamaka azimayi akayamba kuvina, maluwa a pa chitenge osaonekanso. Zimandiwawa, chifukwa makolo amakhala atalipira ndalama zawo.

Dulani kaye zobwerezabwereza, mutsale ndi maola 2. Potulutsa vidiyo sankhani MPEG-2 (mtundu wa vidiyo wa pa DVD), PAL (dongosolo la TV la kuno kwathu), bitrate (kuchuluka kwa data pa sekondi iliyonse) ya 4.5 Mbps, muyikenso two-pass (kompyuta imadutsa mu vidiyo kawiri kuti chithunzi chituluke bwino). Kompyuta imachedwa nayo, ndiye yambitsani magetsi akangobwera. Banja likafuna mwambo wonse, gulani DVD ya dual layer (ya magawo awiri) ya 8.5 GB kapena gawani madisiki awiri. Musanapereke, iyeseni pa DVD player yakale ngati ya agogo ku Matero, osati pa laputopu pokha.